Miyezi Khumi ndi Inayi ya Efraín

Efraín Guachetá anali dalaivala wa basi mumzinda wa Tunja. Tsiku lina mabuleki anakana kugwira pamtsetse, basi inagunda munthu wapanjinga, ndipo munthuyo anatsirizika asanafike naye kuchipatala. Podikira mlandu, khoti linaika Efraín pa ukaidi wosachoka panyumba, kwa mchemwali wake Nubia.

Anakhala m'nyumbamo miyezi khumi ndi inayi. Malire ake anali chitseko cha kumsewu. Ankasenda mbatata, kusesa posesa kale, kenako n'kukhala pawindo kuonerera mabasi a anzake akudutsa. Mayi awo atamwalira kumudzi anapempha chilolezo chopita kumaliro, koma chilolezocho chinafika maliro ataikidwa kale.

Mlandu utatha anamugamula zaka zinayi. Loya wake, Mayi Celmira Pinzón, anamulimbitsa mtima kuti miyezi ya panyumba ija idzachotsedwa pachilangocho, bola alembere woweruza. Analemberadi. M'ndendemo anzake ankamuseka.

"Akulu, inu mumagona pamatiresi, kudya zitumbuwa za arepa zotentha za achemwali," anatero Gumercindo, mkulu amene ankagona pabedi la pamwamba. "Ukaidi wake uti umenewo?"

Efraín akanawafotokozera bwanji kuti nyumba nayo imatsamwitsa?

Yankho linabwera patapita miyezi itatu. Mayi Pinzón anamuwerengera kalatayo m'chipinda choonera akaidi, maso ali papepala. Woweruza anavomera miyezi isanu ndi umodzi yokha. Pa miyezi isanu ndi itatu yotsalayo, mabuku ankasonyeza kuti oyendera akaidi akabwera sankamupeza.

"Sankandipeza kuti? Ine ngakhale pakhonde sindinapondepo."

Mayiwo anamuonetsa pepala lija. Woyendera woyamba atasamutsidwa, amene analowa m'malo mwake anakopera nambala ya nyumba molakwika, 14-32 m'malo mwa 14-23. Mwezi ndi mwezi ankagogoda pachitseko cha bekale yotsekedwa, n'kulemba kuti mkaidi sanapezeke.

Nubia anayenda khomo ndi khomo kupempha aneba kuti aikire umboni. Ena anasayina, ena anati za kukhoti safuna kulowererapo. Wansembe analemba kuti ankamubweretsera mgonero kunyumba, koma masiku ake sanawasunge.

Apilo inatenga chaka chathunthu. Woweruza anaonjezera miyezi itatu, ponena kuti inayo ilibe umboni wokwanira.

Lamlungu lotsatira Nubia anabwera ndi mapepala ena, akuti loya wati n'zotheka kukadandaula kukhoti lalikulu ku Bogotá. Efraín anafunsa kuti kumeneko zimatenga nthawi yaitali bwanji. Nubia anazengereza, kenako anati mwina zaka ziwiri.

"Achemwali, pofika nthawi imeneyo ndidzakhala nditatuluka kale. Zisiyeni."

Nubia anapinda mapepalawo n'kuwabwezera m'chikwama. Belu lothetsa nthawi yoona akaidi litalira, Efraín anakaima pamzere kuti awerengedwe.