Aperekezi a Uchizi

Ukwati wanga utatsala mwezi, ndinachotsa Taonga pa mndandanda wa operekeza, ndipo sindinamuuze. Ndinangotsegula gulu lina la pa foni, la atsikana asanu, iye n'kumusiya m'gulu lakale lomwe linangoti zii.

Chifukwa chake ndi sitepe. Ukwati wa Amalawi kuno ku Liverpool, operekeza akalowa muholo osavina bwino, vidiyo imafika ku Lilongwe keke asanadule. Taonga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Hull, ndiye ku mapulakatisi ankabwera mwa apo ndi apo. Akabwera, mayo ine, anzake akapita kumanja iye kumanzere, uku akuseka. Ralph, mnyamata wotiphunzitsa, anandiuza kuti atiwonongera mzere wonse. Ndinavomera msanga, ndipo ndikuchita manyazi ndi kufulumira kumeneko. Taonga ndi munthu amene anandigoneka pabedi pake ndikungofika kumene m'dziko lino, iye n'kugona pansi.

Loweruka lapitali anatulukira kwanga ndi zikwama ziwiri zazikulu zopanda kanthu. Ndinamuphikira tiyi, ndikuyankhula za mvula, za mabasi, zilizonse.

Anandiuza kuti anacheza ndi mayi ake pafoni, ndipo anamuseka atamva zoti operekeza amaphunzira kuvina. Akuti kwawo kale ankati aperekezi, ndipo dzinalo linachokera pa ntchito yawo. Anali anthu oyenda wapansi ndi mkwatibwi mpaka kumudzi kwa mwamuna, atamusenzera katundu, kuti asakafike yekha pakati pa alendo. Ankagona konko, kuona mmene amulandirira, kenako n'kubwerera kukanena kwawo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma iye ananditsogolera.

"Gulu latsopano ndinalimva, Uchizi. Kuvina sindimatha, ndikudziwa. Koma ku Wakefield kwa apongozi ako ukupita ndi ndani?"

Ndinali ndisanaliganizirepo funso limenelo. Atsikana anga asanu onse ali pa shifiti tsiku lotsatira ukwati, anandiuziratu.

"Ine ndapempha ofu masiku awiri," anatero. "Tiye tiyambe kulongedza."

Anagwada pansi n'kuyamba kupinda zovala zanga. Diresi lake la operekeza, lomwe ndinali nditabwezetsa kale m'chiuno kuti likwane mtsikana wina, linali pahang'ala kuseri kwa chitseko. Analichotsa, n'kuliyang'ana m'chiuno mosokedwamo, kenako anandifunsa ngati nalonso likupita ku Wakefield.