Mtengo wa Sariba

Kwathu mwana akabadwa, bambo ake amamubzalira mtengo wa chenke, wa timaluwa tonunkhira tokometsera zakudya. Mtengowo ukamakula bwino, mwananso amakula bwino. Ukayamba kufota, mayi sapeza tulo. Wa mwana wanga Sariba anaubzala malemu bambo ake kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chomwe azungu otchedwa Adatchi anabwera ndi nkhwangwa unali utangoyamba kumene kuchita maluwa.

Adatchiwo ankafera timaluwa tonunkhirato, koma ankafuna kuti mitengo yake izimera kuchilumba cha Ambon kokha, komwe iwo anali ndi linga ndi mfuti. Kwina konse, ngakhale kuno kuchilumba cha Seramu komwe ndinakwatiwa, analamula kuti idulidwe. Nkhwangwa sankagwira okha, manja awo ndi ofewa. Ankagwira amuna a ku Ambon, kwathu komwe ndinabadwira, kuti awapalasire ngalawa ndi kuwadulira.

Ngalawa zinakocheza m'mawa, Sariba ali gone ndi malungo, ngakhale phala la sagu akulikana. Ndinatenga chikwanje n'kukaima patsinde pa mtengo. Sindidziwa kuti ndimati ndichita nacho chiyani, koma mtima unali utandikwera.

Odulawo atayandikira anavula nsalu za kumutu n'kuyamba kunong'onezana, poti chenke akachita maluwa ali ngati mayi woyembekezera, sasokoseredwa. Mzungu wawo anaima pamthunzi akupukuta thukuta ndi kukalipa m'chilankhulo chake. Palibe anamufotokozera. Ndipo patsogolo pa onse, wowonda, manja ali matuza okhaokha, panali mlongo wanga Hatulesi, yemwe ndinamuberekapo kumsana ali khanda.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?" ananong'ona.

"Ndadzuka bwanji? Zaka zonsezi osapondako kuno, lero mphatso yako ndi nkhwangwa? Iwe Hatulesi, ndinkakupukuta mamina ine!"

"Tsitsani mawu, mtengo ukumva. Sunthani, chonde. Mukakana atentha mudzi wonse. Dzana atentha wina, ndaona ndi maso angawa."

"Uwu ndi wa Sariba. Ali m'nyumbamo, thupi lili moto."

Anatsitsa nkhwangwa pansi. Sindinafunike kumuuza zambiri, tinayamwa bere limodzi. Anzake anayang'ana kumbali, aliyense akuganiza za ana ake.

Pamenepo nzeru inandibwerera, ndipo ndinaigwira ndi manja awiri. Nanenso ndinali ndi mtengo wanga ku Ambon, womwe atate anandibzalira pafupi ndi chitsime, ndipo ku Ambon sankadula.

"Tamvera," ndinatero. "Tisinthanitse. Ukabwerera ukauuze mtengo wanga uja kuti kuyambira lero ndi wa Sariba. Uwu ukhale wanga. Anzakowa akhale mboni. Ine ndadya zanga, dula."

Hatulesi anandiyang'ana, osadziwika ngati aseka kapena alira.

"Achemwali, mtengo wanu uja kulibe."

"Ukuti chiyani?"

"Mutangokwatiwa kumene, azunguwa anati chenke wachuluka, ngakhale ku Ambon komweko. Anatipatsa nkhwangwa. Wanu ndi wanga inagwa tsiku limodzi. Amayi anatiletsa kukuuzani, anati ndi mtima wanu waphumawo mungafe ndi mantha okha." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Koma taonani mmene mwanenepera. Ndipo pakamwapo ndiye pakulirakulira."

Ndinamumenya khofi paphewa, chikwanje chinali chitagwa kale. Ndinamva chisoni chachikulu chifukwa cha mtengo wa atate, womwe ndinkautumizira moni mumtima zaka zonsezo usalipo. Koma pansi pa chisonicho mpweya unayamba kulowa m'chifuwa, koyamba chiyambire malungo a mwana wanga.

Mzungu anakuwanso, akuloza dzuwa. Ndinasuntha.

Hatulesi anagwira tsinde ndi chikhato chake, n'kulipepesa motsitsa mawu monga momwe munthu amapepesera wamkulu. Kenako anadula. Sanalole mnzake aliyense kumuthandiza, ngakhale matuza aja anaphulika, mpini n'kufiira. Mtengo unagwa pang'onopang'ono, ndipo fungo la maluwa ake linadzaza bwalo lonse mpaka maso kuwawa.

Ndinathamangira m'nyumba. Mawu a mlongo wanga ndinawamva, inde, koma mayi amakhulupirira maso ake okha. Ndinagwada pamphasa n'kuika dzanja pachifuwa cha mwanayo. Chinali kukwera ndi kutsika.

Sariba anatsegula maso, ali ndi nkhope ya munthu yemwe wadzutsidwa tulo tokoma.

"Amayi, ndipatseni madzi." Anamwa, n'kutchera khutu cha kuseri kwa nyumba. "Nanga akulira panjapo ndani?"

"Ndi amalume ako, mwanangu," ndinatero. "Abwera kudzakuona."