Thumba Losatsegula

Chaka chimenecho makuponi a feteleza anabwera ochepa ku Machinjiri, moti thumba limodzi linagawidwa mabanja anayi. Ambrosi, mlonda wa pasitolo ina ku Limbe, anabwerera kunyumba ndi gawo lake m'ndowa yosadzaza n'komwe. Munda wake wa m'mphepete mwa phiri unali utaguga kalekale. Popanda feteleza chimanga chinkangofika m'chiuno n'kumasula ngayaye.

Mkazi wake Evelina anasuzumira m'ndowamo n'kupukusa mutu.

"Bambo a Rejoice, chaka chino tikapanda kukolola, ine ndi ana tikupita kwa amayi ku Nsanje. Sindingamaonerere ana akugona ndi njala m'tauni muno."

Mayi ameneyu sankanena chinthu kawiri, ndipo Ambrosi ankadziwa bwino zimenezo.

Lachitatu onse awiri anapita kumsonkhano wa mlangizi wa zaulimi, mayi Veronica. Iwo anati feteleza yekha wakhala akudyetsa chimanga koma nthaka n'kumafa, choncho kagawo ka kuponi kaziyenda limodzi ndi manyowa. Anaonetsa kasakanizidwe kake: feteleza wochepayo, zitosi za nkhuku, phulusa, gaga ndi madzi pang'ono. Zonse m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba, kuika pamthunzi.

"Masiku twente-wanu," anatero mayi Veronica. "Osatsegula, ngakhale kusuzumira. Pilizi, abambo kumbuyoko mwamva?"

Ambrosi anagwedeza mutu, koma mtima unakana. Kwawo ku Nsanje munda umadyetsedwa ndi matope a Shire, ndipo feteleza anamudziwira ku Blantyre konkuno. Kwa iye feteleza anali timibulu toyera toti munthu n'kutiona, n'kutigwira, n'kutiyeza ndi chitsekerero cha botolo. Zotikwirira m'zitosi zinamuwawa ngati kuthira shuga m'chithaphwi. Komabe anasakaniza, anamanga thumba, analiimika kuseri kwa khitchini.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi chimangireni thumbalo mvula inagwa, anthu n'kudzala. Apa m'pamene mavuto anayambira. Akaweruka ku Limbe m'mawa sankagona ayi. Ankathamangira kumunda, kuchoka kumunda kuthumba, kuchoka kuthumba kubwereranso kumunda, ngati wataya singano. Chimanga chinamera. Anzake amene anali ndi matumba athunthu anayamba kuthira, iye manja lende.

Kenako analigwira thumba lija n'kupeza likutentha ngati mwana wamalungo. Anathamangira kwa Abdula, mnansi wake woweta nkhuku amene anamupatsa zitosi.

"Achimwene, thumba lija lagwira moto mkati! Feteleza wanga akupsa!"

"Ndiye kuti likugwira ntchito," anatero Abdula uku akuwaza chakudya cha nkhuku. "Lisiyeni, man. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha n'kosavuta ukakhala kuti mkazi wako sanatchule za ku Nsanje. Ambrosi ankadya ataimirira. Tiyi ankamusiya theka. Ana akamufunsa kanthu, ankayankha china. Tsamba lililonse lachikasu m'mundamo linkamulasa mumtima, ndipo kunena zoona, munthuyu anali ndi mantha.

Tsiku lakhumi ndi chisanu Evelina analawirira kumsika kukagulitsa tomato. Ambrosi analizungulira thumba lija kawiri, kachitatu anatenga mpeni n'kudula chingwe. Fungo loluma linamumenya m'maso mpaka misozi mbwee. Anapisa mkono mpaka m'chigongono, kufufuza timibulu toyera tija. Tinali titasungunuka pafupifupi tonse. Munali chinthu chakuda, chonyowa, chofunda.

"Mayo ine, andidyera feteleza!"

Anaganiza zopulumutsa wotsalayo. Anakhuthula thumba lonse pamphasa, anayanika padzuwa kuti moto uzime, n'kumatembenuza ndi khasu mobwerezabwereza. Zitauma anatenga sefa ya mkazi wake n'kuyamba kusefa. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, munthu wamkulu ali chogwada pafumbi, thukuta kamukamu. Zimene anapulumutsa zinakwana m'chitsekerero chimodzi, chakudya cha phando limodzi.

Evelina anamupeza akusefabe. Anatula dengu pansi pang'onopang'ono.

"Mwatsegula?"

"Amapsa, mayi a Rejoice. Ndamuzimitsa. Onani, fungo loipa lija latheratu."

Evelina anagwada, anatapa ndi dzanja n'kununkhiza. Zinkangomveka zitosi zouma basi.

"Kumsonkhano kuja munkaganiza chiyani? Mayi Veronica anati fungo loluma m'maso ndiye mphamvu yakeyo. N'chifukwa chake timamanga pulasitiki."

Ambrosi anayang'ana mphasa, anayang'ana kumwamba kumene mphepo ya masana inali itapita nazo zonse. Anafuna kunena kuti asakanizanso, koma analibe choti asakanize.

Evelina sanakalipe. Anasasa m'manja, anaimirira, anaitana mwana wawo wamkulu amene ankasewera fulaye kuseri kwa nyumba.

"Rejoice, mawa ukawauze aphunzitsi akulembere kalata ya transifa. Ya iwe ndi ya mng'ono wako."