Wotchi Yosalola Kuima

Jacqueline anayamba kuthamanga adokotala atamuchenjeza kuti BP yake yakwera kwambiri. Anali mayi wa mwana mmodzi, Sungeni, ndipo ankagwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi m'tauni ya Blantyre. Poyamba ankangozungulira kwawo ku Mpingwe ali wefuwefu, koma miyendo itazolowera anayamba kudutsa mu Limbe, kupyola Kanjedza mpaka ku Chinyonga, n'kubwerera dzuwa lisanatenthe. Anzake a ku ofesi anamunyengerera kuti alembetse mpikisano wa mtunda wautali, iye n'kuvomera.

Pa tsiku lake lobadwa amuna ake, a Stewart, anamugulira wotchi ya GPS, yakuda, yaikulu ngati yachimuna. Inkayeza mtunda, liwiro, kugunda kwa mtima, ngakhale tulo. Inali ndi zoyezera kupalasa njinga ndi kusambira, zomwe iye sankachita n'komwe. A Stewart anailumikiza okha ku foni ya mkazi wawo, n'kuikonza kuti akangoyamba kuthamanga mapu azioneka pa foni yawo.

"N'chifukwa cha akuba," anatero. "Njira ya ku Kanjedza ija sindiikhulupirira. China chake chikakuchitikira ndizidziwa kokupeza."

Jacqueline anathokoza ndi mtima wonse. Masabata oyamba ankangoiyang'anayang'ana, akusangalala kuona liwiro lake likukwera.

Mafunso anayamba pang'onopang'ono, pa tiyi wa m'mawa.

"Pomwetsera mafuta paja unaima. Unkatani?"

"Ndinalowa kuchimbudzi, bambo a Sungeni."

Tsiku lina anakumana ndi mnzake wa ku sekondale, nakhala naye pa kakhoma akucheza. Atafika kunyumba anapeza a Stewart atavala kale, foni ili m'manja.

"Apa mtima wako unatsika. Ndiye kuti unakhala pansi. Unakhala ndi ndani?"

Anatchula dzina la mnzakeyo. A Stewart anamuomba mbama, n'kunyamula makiyi a galimoto, ulendo wa ku ntchito. Mawa lake Jacqueline anasiya wotchi pa tebulo, koma zinangoipirako. Anamupotokola mkono akumufunsa chimene ankabisa.

Choncho anaphunzira kusaima. Zingwe za nsapato ankamanga mfundo ziwiri. Podikira kuwoloka msewu ankapondaponda pamalo amodzi. Womudziwa akamuitana, ankangokweza dzanja n'kupitirira.

Munthu yekha amene ankalankhula naye panjira anali a Karim, chifukwa iwo ankacheza akuthamanga. Anali amwenye obadwira mu Limbe momwemo, a ndevu za imvi, eni golosale yaikulu yopikulitsa katundu. Akachoka ku mzikiti mbandakucha ankasintha nsapato n'kumathamanga mwakachetechete m'mbali mwa nkhalango ya Kanjedza. Nawonso anali ndi wotchi ya mtundu womwewo, yomwe anawagulira mwana wawo Zeeshan.

"Mayi, inu mumandidutsa ngati minibasi yolimbirana anthu," ankatero akuseka. Jacqueline ankachepetsa liwiro, n'kuyenda nawo limodzi kamtunda kakafupi. Ndiwo anamuphunzitsa kuti wotchi ikaonetsa kufiira ndiye kuti mtima wapanikizika, afunika kufatsa.

M'mawa wina wa mu June kunali chiperoni, nkhungu ili tolo. Jacqueline atakhota pafupi ndi mitengo anaona munthu atakhala m'mphepete mwa ngalande, atatsamira chipilala. Anali a Karim. Iye anayandikira, akupondaponda.

"Bambo Karim, muli bwino?"

"Ndangotopa, mayi. Pachifuwa pandithina pang'ono. Mwina ndi mpweya wa m'mimba."

Nkhope yawo inali itatuwa, thukuta likuyenderera m'kuzizira konseko. Jacqueline anaima. Nthawi yomweyo wotchi inanjenjemera pamkono, kusonyeza kuti yaona kuti wasiya kuyenda. Anadziwa kuti kunyumba kadontho ka pa mapu kaimanso.

"Ndiimbire a kunyumba kwanu?"

"Musavutike. Ndipume kaye pang'ono, ndidzuka. Pitani, mungachedwe ku ntchito."

Foni inali m'kachikwama ka m'chiuno. Anaigwira. Anaganiza za nambala yachilendo yomwe ikanatsala m'fonimo, ndi zofotokoza kuti wakhala pansi ndi mwamuna m'mbali mwa nkhalango, m'nkhungu. Anadziuza kuti alonda oweruka adutsa posachedwa, ndipo mwiniwake wanena yekha kuti adzuka.

"Chabwino, mupume ndithu," anatero, n'kuyamba kuthamanga.

Anathamanga mwamphamvu kuti abweze nthawi yomwe anataya. Wotchi inafiira, iye sanafatse.

A Stewart anamulandira ndi nkhope yowala. "Lero ndiye wathamangatu. Liwiro limeneli sunalifikepo." Kenako analoza pa foni. "Nanga apa?"

"Panali galu."

Uthenga unafika cha kumasana pa gulu la WhatsApp la othamanga. Amayi ena opita ku msika anawapeza a Karim atagwera m'ngalande, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatsirizika. Maliro aikidwa madzulo omwewo, monga mwa chipembedzo chawo. Jacqueline anapita kuchimbudzi cha ku ofesi n'kusanza. Kenako anatuluka osatsanzika, nakwera minibasi ya ku Limbe, nagula mpango wofunda kumutu.

Kunyumba ya maliro amuna anali atapita kale ku manda. Amayi anakhala pansi m'chipinda chachikulu, ena akuwerenga mapemphero chamumtima. Wina anamulondolera kwa namfedwa, mayi Ruqayyah, akazi a malemuwo, n'kuwauza kuti uyu ndi mnzawo wa malemu wothamanga naye.

"Ndinu a ku Mpingwe aja?" anafunsa mayi Ruqayyah, atamugwira manja onse awiri. "Ankakutchulani. Ankati pali mayi wina amathamanga ngati akuthamangitsidwa. Lero munawaona?"

"Ndinawaona, mayi."

"Anali bwanji?"

"Tinapatsana moni."

Mayi Ruqayyah anagwedeza mutu. "Zeeshan wayang'ana wotchi yawo. Akuti atakhala pansi mtima unagundabe nthawi yaitali ndithu. Akanapezeka wina wowathamangitsira kuchipatala, kaya. Koma tsiku lawo linakwana. Chimene chikundiwawa n'chakuti anali okha."

Jacqueline anakhala pamenepo mpaka amuna anabwerera ku manda. Foni inkalira m'chikwama, iye osaiyankha.

Anapeza a Stewart ataima pakhonde. Anali ataimba kale ku ofesi. Asanafunse, Jacqueline anawauza zonse: za a Karim, za ngalande, za galu yemwe kunalibe. Analankhula ali chilili, mawu osakweza.

A Stewart sanamumenye.

"Ndiye ukufuna kunena kuti ndawapha ndine? Munthu wamkulu ngati iwe, unali ndi foni, unali ndi pakamwa. Ine ndinali kuno ndikumwa tiyi. Amene unamusiya munthu akufa ndiwe."

Jacqueline anavula wotchi, naiika pa mpando, n'kulowa kukalongedza. Anatenga Sungeni napita kwa mchemwali wake ku Chinyonga.

Kumeneko anakhalako pafupifupi mwezi. Tsiku la mpikisano linafika, iye ali gone m'chipinda, akumva anthu akuchemerera patali. Kenako ankhoswe anakumana. A Stewart anapepesa za mbama ndi za mkono, nalonjeza pamaso pa onse kuti za mapu azichotsa. Za a Karim palibe anazitchula, poti ankhoswe anati imeneyo si nkhani ya banja. Anamukumbutsa Jacqueline kuti mwana afunika bambo ake, ndipo nyumba ya mchemwali wake ndi yaing'ono. Iye anabwerera ku Mpingwe.

Sanathamangenso. Anzake atamufunsa, ankati bondo likumuvuta, mpaka anatuluka pa gulu la WhatsApp lija. Kuyambira mwezi umenewo a Stewart anayamba kumamuperekeza okha ku ntchito m'mawa ndi kukamutenga madzulo, n'kumadikira panja injini ikulira. Amayi a ku mpingo ankawayamikira kuti ndi bambo osamala banja.