Benchi la Kuseri kwa Galaja

Mwana wanga woyamba anafuna kundiunjika m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yake ngati thumba la makala. Akuti ndichoke m'nyumba mwanga, mkazi wake azindiphikira zopanda mchere, ndipo kumalo odyera a kuseri kwa galaja ndisadzapondekonso. Ndinamuuza kuti wofuna kundichotsa pa benchi lija abwere ndi bokosi. Koma ndiyambe poyambira, chifukwa anthu akuikamba mokhota nkhaniyi.

Malemu amuna anga anali owotcherera zitsulo. Kuchipatala atawapeza ndi bipi, adokotala anaitana ineyo n'kundiuza kuti mchere ndi mafuta ndi adani awo. Ndinamvera. Zaka ndi zaka ndinkalawirira kuwaphikira nyemba zopanda mchere, masamba owiritsa, mpunga wopanda ngakhale dontho la mafuta. Nanenso ndinkadya zomwezo kuti asasirire. Ndinkawaikira m'kontena, iwo n'kunyamula, madzulo n'kubwera nayo yoyera ngati wanyambita galu. "Mayi a ana, manja anu ndi odala," ankatero. Abodza aja!

Pa maliro awo panabwera mayi wina amene sindinkamudziwa, wamikono ikuluikulu yodzaza zipsera za mafuta otentha. Analira kuposa ine mwini maliro. "Benchi langa aligwira ndani tsopano?" ankatero uku akudziguguda pachifuwa. Ine mumtima ndinati chabwino, chibwenzi chija ndi chimenechi. Nditafunsafunsa anandiuza kuti ndi Mayi Chiwaya, amene amakazinga tchipisi ndi nyama kuseri kwa galaja, ndipo amuna anga ankadya kumeneko masana alionse. Masana alionse! Ine ndikudzizunza ndi masamba owiritsa kunyumba.

Anthu atabalalika ndinamanga nsalu mwamphamvu n'kupita. Malowo ndi kashedi ka malata kotsamira khoma la galaja. Utsi ukulowa m'maso, chiwaya chikulira, ndowa ya madzi osamba m'manja ili pa tayala lakutha. Pakati pali tebulo lalitali ndi benchi limodzi lachitsulo. Ndinangoliona n'kuzindikira dzanja la amuna anga, chifukwa iwo polumikiza zitsulo ankasiya mzere wosalala ngati msoko wa telala. Pa benchipo panali amuna akudya, ndipo kumapeto kwake, mbali ya kukhoma, kunali batire yakufa ya galimoto.

"Ndinu amene munandiphera amuna anga?" ndinatero.

Mayi Chiwaya sanasiye n'komwe kutembenuza nyama. "Sambani m'manja kaye, mayi. Pano sitikangana ndi manja akuda."

"Sindinabwere kudzadya."

"Onse amatero."

"Munkadziwa kuti ali ndi bipi?"

"Ndinkadziwa. Ndinkawabisira mchere, iwo n'kutulutsa wawo m'thumba la ovolo. Munthu wa ndevu zoyera ndikanamukwapula?"

"Nanga nyemba zanga zinkapita kuti?"

Bambo wina woonda, womata matayala, anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Dzina lake pamalopo ndi Wamatayala. "Zinkalowa muno, mayi," anatero akusisita mimba. "Tinkasinthana. Ine ndinkangothira kamchere basi. Chimwalirireni bambo aja ndaonda, onani lamba."

Ndinafuna kumuponyera ndowa. Koma ndinati ndikhale kaye pansi, ndipo malo okhala panalibe. Ndinanyamula chibatire chija n'kuchiponya pansi, n'kukhala pomwepo. Onse anasiya kutafuna.

"Mwakhala pamalo pawo," anatero Mayi Chiwaya.

"Ndiye? Abwera kudzandichotsa?"

Apo ndiye Mayi Chiwaya anandifotokozera. Pansi pa shediyo pamadutsa ngalande ya madzi otsukira mbale. Amuna anga powotcherera benchilo sanathe kuika miyendo m'ngalandemo, ndiye anaibweza m'kati, mbali inayo n'kumangolendewera pamwamba pa madzi. Wokhala kukhoma ndiye amagwira benchi lonse ndi kulemera kwake. Akadzuka mwadzidzidzi, wokhala kungalande amapita ndi mbale yake. N'chifukwa chake pamalopo pali lamulo: wokhala kukhoma asananyamuke amakuwa kuti "Ndikunyamuka!" ndipo aliyense amagwira mbale yake n'kuimirira. Amuna anga anali ojintcha, ndiye malowo anali awo. Atamwalira panasowa wolemera, anthu ankangogwa, mpaka anaikapo batire.

Wamatayala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma mayi, osakhumudwa, inuyo mukuposa batire."

Sindinaseke. Mayi Chiwaya anandiikira mbale patsogolo osandifunsa: tchipisi, nyama yokazinga, kabichi, tsabola pambali. Ndinati ndingolawa kuti ndidziwe chimene chinandilanda mwamuna. Mchere utandigunda lilime misozi inatuluka yokha. Musati chisoni. Unali ukali. Zaka zonse zija ndinkadya ngati wodwala pomwe wodwala weniweniyo akunyambita zala kuno. Ndinamaliza mbale yonse.

Mawa lake ndinapitanso. Mkuja ndinapitanso. Kunyumba kwanga chimwalirireni iwo kumangomveka wotchi ya pakhoma. Anthu obwera kudzandiona amalankhula motsitsa mawu ngati nanenso ndagona m'bokosi. Pa benchi paja palibe amandimvera chisoni. Amandinena kuti ndimatafuna ngati chigayo, ine n'kuwabwezera. Ndi pomwepo pamene ndinamva kuti amuna anga anali anthabwala, ankatsanzira mayendedwe a bwana wa galaja mpaka anthu kutsamwa. Kunyumba ankangokhala duu ngati mtondo. Ndikawapeza kumene aliko tikakambirana.

Vuto ndi loti nanenso kuchipatala anandipeza ndi bipi. Mankhwala ndimamwa, ndipo ndimamwera pa benchi pomwepo ndi tiyi wa Mayi Chiwaya. Mpongozi wanga anandiona tsiku lina akudutsa, nkhani n'kufika kwa mwamuna wake isanazizire. Mwana wangayo amagulitsa mafoni, amavala malaya oyera ngakhale kukuwomba fumbi. Anabwera kunyumba n'kukana ngakhale mpando.

"Amayi, mukufuna ndiike maliro awiri chaka chimodzi?"

"Iwe, ine ndafa?"

"Anthu akutiseka. Akuti tikulephera kukudyetsani, mukudya m'misewu ndi amakanika."

"Anthu ake ati? Abwere adzandiuze ndili pano."

"Loweruka ndikubwera ndi lole. Mukakhala kwathu. Chipinda takonza kale, nyumba ino titseka."

Chipindacho ndimachidziwa. Windo lake limayang'ana khoma la chimbudzi cha aneba. Loweruka m'mawa ndinakhoma nyumba yanga, kiyi n'kumangirira pa ngodya ya nsalu, n'kupita kukakhala pamalo panga.

Mwana wanga anafika masana benchi litadzaza, dalaivala wa lole ali pambuyo pake. Anaima potulukira utsi akukupiza dzanja pamphuno.

"Amayi, kiyi."

"Wadya?"

"Sindinabwere kudzadya."

"Onse amatero," anatero Mayi Chiwaya ali kuchiwaya.

Anthu anaseka, ndipo iye sizinamusangalatse. Anaona kuti kulankhula ataima kukumuchititsa manyazi, ndiye anafuna pokhala. Malo otsala anali amodzi okha, kumapeto kwenikweni, pamwamba pa ngalande. Anapukutapo ndi kampango n'kukhala, n'kusuzumira kudutsa anthu onsewo kuti andione.

"Achimwene, pamenepo—" anayamba Wamatayala.

"Bambo, sindikulankhula ndi inu. Iyi ndi nkhani ya pabanja."

Wamatayala anatseka pakamwa ndi tchipisi.

"Amayi, taonani mbale yanuyo. Mafuta okhaokha. Zimenezi ndi zomwe zinapha bambo."

"Bambo ako anadya mobisa, n'kumandinamiza mpaka kumanda. Ine ndikudya masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Ukufuna ndikakhale kwanu ndizikabisa mchere m'thumba ngati iwo?"

"Ndikufuna mukhale ndi moyo."

"Moyo wake uti? Woyang'ana khoma la chimbudzi?"

Pamenepo ndinamuyang'ana kumaso, ndipo ndinaona kuti mwanayu ali ndi mantha enieni. Mwana wanga ndi wanga, ndinamubereka ndekha, sindimuda. Koma mantha akewo akufuna kuwachiza ndi loko pa chitseko changa, ndipo ine si nkhuku.

"Amayi, ndatopa. Dzukani tizipita."

"Ukunenetsa?"

"Dzukani pompano!"

Mwana akalamula mayi ake pagulu, mayiyo atani? Ndinatsatira lamulo la pamalopo, ndipo mboni zilipo. Ndinakuwa mokweza kuti ndi kugalaja komwe amve: "Ndikunyamuka!"

Amuna onse anagwira mbale zawo n'kuimirira ngati asilikali. Mwana wanga anangowayang'ana modabwa. Ine n'kudzuka.

Benchi linakweza mutu kukhoma, mwana wanga n'kutsetsereka chagada mpaka m'ngalande. Khuvuu! Madzi otsukira mbale, makoko a anyezi, mafuta oyandama, zonse pa malaya oyera aja. Nsapato imodzi inatsala m'mwamba. Sanavulale, ngalandeyo ndi yosaya, ndinayamba ndaona zimenezo ndisanachite china chilichonse.

"Safunsa anadya phula," anatero Wamatayala motsitsa.

"Khala chete iwe, ameneyo ndi mwana wanga," ndinamukalipira. Ndinavula nsalu ya pamwamba n'kumuponyera mwanayo kuti adzipukute. Ya kiyi ija inali ya m'kati, sindine wopusa.

Anatuluka akudontha, maso ali psuu. Palibe anasekanso. Mayi Chiwaya anamuthirira madzi oyera m'manja n'kunena kuti, "Musadandaule, bambo. Woyamba kugwera mmenemu anali bambo anu, tsiku lomwe anamaliza benchili. Anakhala kuti aliyese. Anatuluka akuseka, khoko la dzira lili pamutu."

Mwana wanga anayang'ana benchilo nthawi yaitali. Anagwira pamene zitsulo zinalumikizana, pamzere wosalala paja. Kenaka anati, "Analipanga ndi bambo?"

"Sukuona?" ndinatero. Ndinalibweza pansi ndi dzanja limodzi n'kukhalanso pamalo panga. "Tamvera, iwe. Mankhwala ndikumwa. Kuchipatala ukafuna kundiperekeza, ndiperekeze. Ukafuna kuona zimene ndikudya, bwera udzakhale apa uzione ndi maso ako, sindidzakunamiza ngati bambo ako. Koma kiyi wanga sukumuona, ndipo pa benchi pano sindikuchoka. Ndikachoka anthu awa agwa."

"Zoona zimenezo," anatero wina. "Batire ija inkaterereka."

Mwana wanga anatembenuka kuti aitane dalaivala wake, n'kupeza dalaivalayo wasamba kale m'manja, ali ndi mbale ya tchipisi ndi mazira. "Bwana, ndingomaliza," anatero pakamwa pali todzaza. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Mpongozi wanga mpaka lero akandipatsa moni amayang'ana kumbali. Mwana wanga anakhala nthawi osabwera, ine osamutumira uthenga. Kenaka tsiku lina ndinangoona wafika, wavala malaya akuda. Anasamba m'manja osauzidwa n'kukhala pakati penipeni pa benchi, kutali ndi ngalande. Sanaitanitse chakudya. Anangokhala n'kumayang'ana dzanja langa likupita kumchere.

"Amayi, wachuluka."

"Ndi wako?"

"Chipinda chija chikadalipo."

"Uikemo nkhuku."

Ndinathira mchere wanga, ndinadya nyama yanga, ndinamwa mankhwala anga iye akuona. Nditamaliza ndinapukuta pakamwa n'kukuwa kuti, "Ndikunyamuka!" Woyamba kudumpha anali iyeyo.