Wokathandiza Chikuta ku Gweru

Uthenga wochokera ku Gweru unati Shupikai, mwana wamkulu m'banjamo, wabereka mwana wamwamuna, koma anachita kumung'amba, ndiye akufuna womuthandiza pakhomo. Amayi awo sanachedwe kuganiza. Anati apite Chengeto, chitsirizira, amene anali atangokwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Kamtsikanako kanalumpha ndi chimwemwe, kanayamba kuchapa madiresi ake kakuimba.

Nyaradzo, mwana wapakati, sanakondwere nawo. Iye nyumba ya ku Gweru ankaidziwa, poti ndi amene anakathandiza Shupikai pa mwana woyamba. Ankawadziwanso alamu ake, a Zvidzai, amuna a Shupikai, munthu woseka ndi aliyense, amene pa ukwati ngakhale pa maliro ankamugwira m'chiuno anthu akuona n'kumati ndi mkazi wawo wamng'ono, azakhali n'kumafa nacho chikhakhali. Ati chilamu. Tsiku lina Shupikai atapita kusikelo ndi mwana, a Zvidzai anatseka chitseko n'kumugwirira. Nyaradzo sanauze munthu. Manyazi anamukanirira iyeyo, mwini wake wa mlandu akunenepa.

Koma tsopano anali Chengeto, mwana woti usiku amaopabe kutuluka yekha.

Nyaradzo anawapeza amayi ake kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo. Kenako anafotokoza zonse, maso ali pa lichero. Ankayembekezera mbama, kapena mfuu. Amayiwo sanaleke kusenda. Anafunsa ngati bambo ake akudziwa, ngati anauzapo mnzake aliyense, ngati nkhaniyi ingafike kwa amayi a kutchalitchi. Anamukumbutsanso kuti ng'ombe zimene zili m'khola ndi za malowolo a Shupikai, ndipo ziwiri anazigulitsa kale.

“Amayi, koma mwandimva?”

“Ndakumva, mwanangu. Sukunama ayi. Iwe ndimakudziwa.”

Apo m'pamene Nyaradzo analira, kulira kwenikweni kwa mwana. Zaka zonsezi chimene ankaopa n'choti adzamutcha wabodza, kapena woswa banja la mkulu wake. Lero mayi ake omubereka amukhulupirira. Anamva thupi lonse kupepuka.

“Chengeto sapita,” anatero amayiwo.

Nyaradzo anawagwira dzanja n'kulifinya. Akanatha akanawagwadira.

Amayiwo anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Anati Shupikai ali ndi bala, sangathe kuchapa kapena kuwerama, ndipo akapanda kutumiza munthu, abale afunsa chifukwa. Nanga iwo akayankha chiyani? Mutu wawo ukalowa pati? Anayankhula motsitsa, osamuyang'ana.

“Upite iweyo. Mng'ono wakoyu akadali mwana. Iwe zinakuchitikira kale.”

Nyaradzo anawayang'ana amayi ake, kudikira kuti mwina abweza mawu. Sanabweze. Anangomuuza kuti apukute misozi bambo ake asanabwere kuchokera kudimba.

M'mawa mwake Nyaradzo anaperekezedwa kumsewu. Chengeto anabwera nawo mokakamizidwa, maso atatupa, milomo ataitulutsa. Basi itaima, amayi anamuuza kuti atsanzikane ndi mkulu wake. Iye anapinda manja.

“Njiru basi, achemwali. Inu munapitako kale, munadyerera. Ine ndinakulakwirani chiyani?”

Nyaradzo anatsegula pakamwa, koma amayi ake anali atamuyang'anitsitsa. Anatseka, n'kukwera.