Khutu Lamanzere la Bambo

Khutu lamanzere la bambo linayamba kulira atangopuma ntchito kufakitale yocheka matabwa. Macheka anawasiya komweko, koma phokoso linawatsatira kunyumba. Ankati ndi kamluzu konga ka nyenje, kosadziwa kutopa.

Amene ankawasamalira anali mwana wawo wamkazi, yemwe mumsewu monsemo ankangomuti Atelala chifukwa cha makina ake osokera pakhonde la sitolo ya nsapato. Mayi anatsogola kale. Mchimwene wake wa Atelala anachoka pakhomo atakangana ndi bambo pa nkhani ya mowa, ndipo chichokereni sanaimbe foni, sanatumize ngakhale moni wapakamwa.

Khutu likalira kwambiri, bambo ankakweza chala ngati mphunzitsi.

"Chete! Akundinenatu uko, mchimwene wakoyo."

"Ndi macheka aja amenewo, bambo."

"Macheka adziwa dzina langa? Khutu likamalira ndiye kuti wina akukutchula. Usandiphunzitse za khutu langa iwe."

Poyamba Atelala ankaseka. Koma nkhalamba ija inayamba kuonda. Tulo sinkaliona, chakudya inkangochigwiragwira, ndipo ukailankhula umayenera kubwereza katatu mpaka aneba kuganiza kuti mukuyambana. Tsiku lina galimoto inaimba hutala kumbuyo kwawo, iwo osamva kanthu, ndipo inaima itawakhudza kale jekete. Madzulo a tsiku lomwelo Atelala anawapeza akudzimenya mbama kukhutu, misozi ili mbwee. Kuona bambo ako akulira ngati mwana n'chinthu chowawa, ndipo iye chinamuwawadi.

Kuchipatala cha makutu anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera, nawaveka zomvera kumutu, nawauza kuti azidina batani akamva kulira. Bambo anadina asanayambe n'komwe. Adokotala anafotokoza mosazungulira: piritsi lochotsa phokosoli kulibe. Chimene chilipo ndi kachipangizo kovala m'khutu, kokweza mawu a anthu n'kumatulutsa kaphokoso kofewa ngati mvula yowaza, kuti mluzu uja uphimbike. Adokotala atatchula mtengo wake, Atelala anamva ngati nalonso khutu lake layamba kulira.

"Kanthu kochepa ngati nyemba kameneko?" anafunsa bambo. "Kali ndi mateyala?"

Adokotala anaseka. Atelala sanaseke.

Anayesa kwa amalume, amalume anati nawonso zawavuta. Anayesa kubanki, kubanki anafuna chikole. Chikole chake chinali chimodzi basi, makina aja osokera, ndipo m'malo mochipinyolitsa anachigulitsa. Wogula anali mkazi wa mwini sitolo ya nsapato, amene anakhala pampando wa Atelala, napondaponda chopondera, nadandaula kuti lamba watha, kenaka anyamata ake ananyamula makinawo kulowa nawo mkati. Pasimenti panatsala timadontho ta mafuta. Kuyambira pamenepo Atelala ankapinda mabuluku pa makina a mnzake, tsiku limene mnzakeyo wamumvera chisoni. Za makinazo sanawauze bambo.

Kachipangizoko anakaumba motsatira khutu la bambo lenilenilo, atayamba athiramo phala lofewa kuti aone mmene lilili mkati. Tsiku lokavala, adokotala atangokayatsa, bambo anatong'ola maso.

"Ndani akutafuna chingamu?"

Anali namwino, kuseri kwa katani.

Panjira anamva zonse: mabelu a njinga, mayi wogulitsa nthochi, nsapato ya mwana wawo imene inkalira chidendene. Atafika kunyumba anagona pampando masanasana, kukamwa kuli yasa, ndipo Atelala anakhala pansi kumangowayang'ana. Mumtima anati makina apite, bola bambo agona.

Masiku oyamba anadya bwino, mpaka kupempha zowonjezera. Kenaka anayamba kukhala duu pazenera, mutu utapendekera kumanzere, ngati munthu amene akudikira kugogoda. Ukawafunsa ankati palibe. Nthabwala zija zinatha. Atelala anaganiza kuti mwina batire lafooka, nagula lina.

Mmawa wina akukonza patebulo, anapeza kachipangizo kaja m'kapu, katakutidwa bwinobwino m'kansalu kopukutira magalasi. Bambo anali pazenera, nkhope ili yotopa koma yowala, chala chili m'mwamba.

"Bambo, mwavuliranji?"

Sanamve. Atelala anayandikira, nabwereza mokweza.

"Kakutsekereza," anatero bambo. "Sabata yonseyi zii. Ndimaganizatu kuti mwana wanga wafa. Ndangokavula pompano, ndi uyu, akunditchula. Ali moyo."

"Bambo, kameneka kandidyera makina anga!"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo anatuluka mokweza ndithu moti bambo anawamva. Anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana manja a mwana wawo, nayang'ana kapu ija.

"Wagulitsa makina?"

"Eee."

"Mayo ine. Ndiye kabweze, mwanawe. Lero lomwe. Ukawombole makina ako."

"Sabweza. Anakaumbira khutu lanu, sikangalowe mwa munthu wina."

Bambo anatambasula dzanja kuti atenge kapu, ndipo Atelala anaona kuti akufuna kuvala chifukwa cha iye, mmene munthu amamwera mankhwala owawa poopa kukhumudwitsa wogula. Dzanja linafika pakapu, koma linangoima pomwepo.

"Ndikavala sindimumva," anatero motsitsa. "Ndilibe china chake, iwe. Ngakhale chithunzi anatenga."

Apa mtima wa Atelala unadzaza. Sanafune kulira pamaso pawo, koma mawu anamuthawa okha.

"Nanga ine? Ine ndimakutchulani tsiku ndi tsiku. Kwa eni nyumba ndimatchula inu, kwa adokotala inu, popemphera inu. Mukudziwa bwanji kuti si ine amene ndikuliza khutulo?"

Bambo anamuyang'ana modabwa, mwachikondi ndithu, ngati wafunsa funso la mwana wamng'ono. Anamusisita pamkono.

"Iwe uli pompano," anatero. "Khutu sililira chifukwa cha munthu wa pompano."

Kenaka anapendeketsanso mutu kumanzere, kuti amve bwino.